Foni kapena ndowa ya madzi: chikutha makosi athu ndi chiti?

NaPhiri_Santhe
Muli bwanji nonse pagulu pano. Pali chithunzi chikuzungulira pa WhatsApp, ena mwina mwachiona, cha mitu isanu yowerama mosiyanasiyana. Pa mutu womaliza alembapo kuti ukawerama poyang'ana foni, khosi limanyamula makilogalamu 27, ndipo akuti zinapezeka ndi kompyuta. Ife akazi kuno timasenza ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo kuyambira tili atsikana. Ndiye akufuna kutiuza kuti kafoni kokwana m'thumba kakuposa ndowa yodzaza? Nanga kompyutayo inadziwa bwanji za mkati mwa khosi la munthu, poti sinalowemo? Amene mukuzidziwa tithandizeni.

WaKabaza_Chinkhoma
Zabodza izo mayi. Makilogalamu 27 aposa theka la thumba la feteleza. Mwana wa Fomu 2 angakhale nawo pakhosi tsiku lonse uku akuseka mavidiyo?

MlimiWaBale
Anthu akakhuta amayamba kuyeza zinthu zachabechabe. Abwere adzayeze msana wanga nthawi yowokera fodya.

MphunzitsiWaFizikisi
A Kabaza, musathamangire kunena kuti ndi bodza. Chithunzicho sichikunena kuti mutu walemera. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, kaya wawerama kaya ayi. Chimene chimasintha ndi pamene kulemerako kwagwera. Tengani njerwa imodzi muigwire pachifuwa, mutha kucheza nayo mpaka kalekale. Njerwa yomweyo muigwire mkono utatambasukira kutsogolo, miniti isanathe phewa layamba kuwotcha. Njerwa ndi yomweyo, koma yatalikirana ndi mfundo imene ikuigwira.

Mutu ukakhala chowongoka umakhazikika pamwamba pa mafupa 7 a khosi, minofu ya kumbuyo n'kumagwira ntchito pang'ono chabe. Ukapita kutsogolo, minofuyo iyenera kukoka kuti usagwere pachifuwa. Tsono minofuyo ili pafupi kwambiri ndi mafupa, ndiye imakoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa mutuwo. Tingoyerekeza: mutu wa makilogalamu 5 wapita masentimita 12 kutsogolo kwa fupa la m'munsi mwa khosi, pamene minofu ili masentimita 4 kumbuyo kwa fupalo. Minofu iyenera kukoka ndi mphamvu ya makilogalamu 15, ndipo kukokako kumafinya mafupa pamodzi. Muwonjezepo kulemera kwa mutu weniweniwo, mwayandikira kale 20. Manambalawa ndi ongophunzitsira, koma masamu ake amayenda choncho.

NaPhiri_Santhe
Zikomo aphunzitsi, ndamva. Nanga ndowa?

MphunzitsiWaFizikisi
Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Ndowa ya malita 20 kuphatikiza mutu ndi makilogalamu 25, ndipo mukaima chowongoka onsewo amatsika molunjika m'mafupa. Ndiye papepala ziwirizi zimaoneka ngati zikufanana. Koma ndowa ikapendekera masentimita 4 okha, minofu iyenera kukoka makilogalamu enanso 20 kuti ibwerere, mwadutsa 40. Foni siingakufikitseni pamenepo.

InjiniyaOsamaliza
Ndilowepo, chifukwa izi ndi zimene ndikulimbana nazo kusukulu. Panopa ndili kwathu ku Mtunthama patchuthi. Chithunzicho chinachokera kwa dokotala wa maopaleshoni a msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, mu 2014. Iye sanayeze munthu wamoyo ayi. Anapanga khosi pa kompyuta, n'kuliweramitsa, ndipo manambala amene anatuluka ndi awa: pafupifupi makilogalamu 12 pa madigiri 15, 18 pa madigiri 30, 22 pa madigiri 45, 27 pa madigiri 60. Pa madigiri 90 iye mwini analemba kuti zotsatira zake sizinali zodalirika.

Funso la amayi loti kompyuta inadziwa bwanji ndilo lenileni. Sidziwa kanthu payokha, imauzidwa. Pali njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba amaitcha finite element. Amatenga zithunzi za sikani ya CT kapena MRI, kompyuta n'kumanga mafupa ndi madisiki, tinthu tofewa tija timakhala pakati pa fupa ndi fupa. Kenako chilichonse amachiduladula m'tizigawo ting'onoting'ono masauzande ambiri, ndipo kagawo kalikonse amakauza kulimba kwake: aka ndi ka fupa, aka ndi ka disiki, aka ndi ka mtsempha womanga mafupa. Ukakankha mutu, kompyuta imawerengetsa mmene kagawo kalikonse kakukankhira kanzake, mpaka uone pamene pafinyika kwambiri.

Yachiwiri ndi imene ndimagwiritsa ntchito ine. Mafupa amatengedwa ngati zinthu zosapindika, minofu n'kuikidwa ngati mizere yokoka kuchokera fupa ili kukafika fupa ilo. Pulogalamu yake ndi OpenSim, ya ku yunivesite ya Stanford, inatuluka mu 2007 ndipo ndi yaulere. Khosi lodziwika kwambiri la mtundu umenewu linapangidwa ndi Anita Vasavada ndi anzake mu 1998. Umaiuza mmene munthu wayendera, kulemera kwa mutu ndi katundu, iyo n'kubwerera m'mbuyo kufufuza kuti minofu yakoka bwanji kuti kuyendako kutheke.

Kulimba kwa fupa ndi disiki amakutenga kuti? Kwa anthu omwalira amene anapereka matupi awo ku kafukufuku. Ambiri mwa iwo ndi okalamba a ku Ulaya ndi ku America.

Chemwali_waChulu
Mitembo? Ayi zikomo, ine ndatuluka kaye.

WaKabaza_Chinkhoma
Ndiye ndimanena zoona. Khosi la gogo wa ku America amene sanasenzepo ngakhale chidebe ndi limene likuweruza makosi a ku Kasungu.

InjiniyaOsamaliza
Theka mukunena zoona achimwene, theka ayi. Masamu a aphunzitsi aja sasankha mtundu wa munthu. Chimene chimasintha ndi zimene walowetsa: kukula kwa mafupa, mphamvu ya minofu, mmene munthu anazolowerera kugwira katundu. Ukalowetsa zolakwika, kompyuta imakupatsabe yankho looneka bwino, lamitundumitundu, pena pofiira pena pobiriwira, ndipo anthu amakhulupirira chifukwa choti chithunzicho n'chokongola.

MlimiWaBale
Koma tinene zoona, mayi anga anasenza madzi ndi nkhuni mpaka imvi mbuu, ndipo ankayenda chowongoka kuposa ana a masiku ano. Ndinamvapo pa wailesi kuti asayansi anavomereza kuti akazi a mu Africa satopa akasenza pamutu.

MphunzitsiWaFizikisi
Nkhani imeneyo inachokera ku Kenya. Mu 1986 Maloiy ndi anzake anayeza mpweya umene akazi achiluo ndi achikikuyu ankagwiritsa ntchito poyenda ndi katundu, ndipo analemba kuti katundu wofika pa 20 peresenti ya kulemera kwa thupi ankanyamulidwa popanda kuwonjezera mphamvu. Kwa mayi wa makilogalamu 60, amenewo ndi makilogalamu 12, osati 20. Komanso akazi amene anayezedwa anali ochepa kwambiri. Mu 2010 Ray Lloyd ndi anzake anayesanso ndi akazi achikhosa ku South Africa, ochulukirapo, ndipo sanapeze mwayi woterowo kwa ambiri a iwo. Akaziwo ankadandaula khosi.

Ndipo kusatopa ndi nkhani ina, kutha kwa mafupa ndi nkhani inanso.

NaBanda_Wimbe
Bambo a Bale, mayi anu ankakuuzani akamva kupweteka? Mzimayi wakumudzi akati khosi likuwawa, madziwo atunga ndani? Amangomanga duku n'kunyamuka. Inu munaona kuyenda kowongokako, ife tinaona akutiuza usiku kuti tiwathowe ndi madzi ofunda.

Chemwali_waChulu
Ndabweranso chifukwa cha mawu amenewa. Nenani mayi!

MlimiWaBale
Ine madzi ndimatunga, musandiike m'gulu limenelo.

NaBanda_Wimbe
Panjinga, ndi zigubu ziwiri, tsiku lokathirira nazale. A pakhomo munatungapo liti?

Mnyamata_waPaBoma
Kkkkk abambo agwidwa.

NaBanda_Wimbe
Ndipo mjigo wa kwathu unathyoka mapaipi, komiti ikuti ndalama za zopereka zinatha. Pano tikutsikira kudambo, ulendo wobwerera ndi wokwera mtunda. Aliyense wodziwa mmisiri wa mijigo cha ku Wimbe andiuze kumbali.

AdiminiWaGulu
Za mjigo tsegulani mutu wina chonde, pali anthu angakuthandizeni. Pano tili pa khosi.

NaBanda_Wimbe
Ndi nkhani imodzi yomweyo a Adimini. Mjigo ukafa khosi ndi limene limalipira.

Fiziyo_KU
Ndawerenga zonse. Ine ndimagwira ntchito ndi anthu odwala makosi ndi misana, ndiye ndinene za mbali imene kompyuta siifika.

Choyamba, katundu wochuluka pa fupa sakutanthauza kuti munthu amva ululu, ndipo ululu sukutanthauza kuti china chawonongeka. Ku Japan mu 2015 anajambula ndi MRI makosi a anthu 1,211 amene sankamva kupweteka kulikonse. Pafupifupi 88 peresenti anapezeka ndi disiki yotukumuka. Anthu abwinobwino, ogona tulo tawo. Za foni nazonso: ku Brazil mu 2018 anaona achinyamata 150 mmene amaweramira polemba mauthenga, ndipo sanapeze kuti owerama kwambiri ndi amene ankadwala khosi kuposa anzawo. Ndiye chithunzi cha pa WhatsApp chija chisakuopseni. Khosi linalengedwa kuti lizipindika. Limadana ndi kukhala malo amodzi nthawi yaitali, kaya ndi pa foni, pa makina osokera, posankha mtedza kapena popanga giredi fodya.

Kusenza pamutu ndi nkhani ina. Ku Sierra Leone mu 1997 anajambula ekisire anthu 35 osenza katundu pamutu ndi 35 osasenza. Mwa osenzawo, 31 anali ndi zizindikiro za kutha kwa mafupa a khosi. Mwa osasenzawo, 8 okha. Gulu lake ndi laling'ono, koma kusiyanako si kwamasewera. Malo amene amatha msanga kwa anthu ambiri ndi m'munsi, pakati pa fupa lachisanu ndi lachisanu n'chimodzi, kenako lotsatira lake, ndipo mitsempha yotuluka pamenepo ndi imene imapita kumkono mpaka kuzala. N'chifukwa chake mayi amabwera akuti chala chachikulu chachita dzanzi, osadziwa kuti gwero lake lili m'khosi.

NaPhiri_Santhe
Dzanzi limenelo apongozi anga ali nalo. Tinapita nawo kuchipatala china anangowapatsa panado, osawagwira n'komwe.

Fiziyo_KU
Pepani mayi. Mubwerere nawo, ndipo mukanene momveka kuti dzanzi lili m'zala ziti, linayamba liti, komanso ngati dzanja lachepa mphamvu. Mupemphe kuonana ndi kilinikala ofesa wa mafupa kapena a fiziyo. Zimene siziyenera kudikira ndi izi: munthu akayamba kugwetsa kapu kapena kulephera kumanga mabatani, akamayenda ngati waledzera, akamalephera kugwira mkodzo, pamenepo mtsempha waukulu wa mumsana ukhoza kukhala ukufinyidwa. Ululu wa msana wosaleka usiku, pamodzi ndi kuwonda ndi thukuta, tiganizire TB ya mafupa a msana, imene kuno ilipo ndithu. Khosi louma mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu, thamangani tsiku lomwelo, angakhale matenda oumitsa khosi. Zikavuta amatumiza ku Lilongwe, komwe tsopano kuli chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION pa Kamuzu Central.

Agogo_aChamama
Akundilembera ndi mdzukulu wanga. Ana inu mukukamba za kusenza ngati ndi kungoika ndowa pamutu basi. Pali nzeru zake. Nkhata ikhale yokulunga bwino, yofanana mbali zonse, ikapendeka ndowa nayo ipendeka. Ndowa yosadzaza ndi yoipa kuposa yodzaza, chifukwa madzi amakhavukira uku ndi uku n'kumakukoka khosi. Ife tinkathyola masamba n'kuika pamwamba pa madzi kuti akhale bata. Ndipo mtsuko waukulu sitinkadzisenza tokha, unkayembekeza mnzako akusenzetse, ukafika pakhomo wina akutule. Mwana tinkamuyambitsa ndi kachikho, osati ndowa ya akulu. Masiku ano ndimaona kamtsikana ka zaka 9 kakudzikweza ndowa yonse pabondo, kenako paphewa, kenako pamutu khosi litapindikira mbali. Pamenepo ndi pamene pamavulaza, osati panjira.

InjiniyaOsamaliza
Agogo, mwanena chinthu chimene model yanga, khosi la pa kompyuta lija, ilibe. Mu OpenSim ndikaika ndowa pamutu, ndimaiika ngati chinthu cholimba chomatidwa kuchigaza. Madzi sakhavuka, nkhata kulibe, njira ndi yosalala. Ndipo pali vuto lina lalikulu. Minofu ya khosi ndi yambiri kuposa imene ikufunika pa kuyenda kumodzi, ndiye njira zogawira ntchitoyo n'zosawerengeka. Kompyuta imasankha njira imene minofu ikugwira ntchito yochepetsetsa. Koma munthu amene akuopa kuti ndowa igwa sachita zimenezo. Amalimbitsa minofu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo nthawi imodzi, ndipo zonsezo zimafinya mafupa. Ndiye nambala imene kompyuta ingandipatse pa mayi wotsika kudambo ikhala yocheperapo kuposa zenizeni.

Kuti muone kufunika kwa minofu: Manohar Panjabi wa ku Yale anayesa mu 1998 makosi a anthu omwalira atachotsa minofu yonse. Ankapindika ndi katundu wa pafupifupi kilogalamu imodzi yokha. Mafupa paokha sangathe kunyamula ngakhale mutu wa mwini wake. Chonse chimene chimagwira ndowa ija ndi minofu, ndipo minofu ikatopa pa ulendo womaliza, kagwiridwe kamasintha.

MphunzitsiWaFizikisi
Apa ndiye pali mutu wa pulojekiti yako, mphwanga. Siya za foni, azungu azipanga okha.

Mnyamata_waPaBoma
Nanga ife onyamula matumba? Ine ndimatsitsa chimanga ndi feteleza m'malole pa boma pano, thumba lililonse makilogalamu 50. Ena amaika pamutu, ine ndimaika paphewa. Kompyuta yanuyo ikuti bwanji?

InjiniyaOsamaliza
Za m'chiuno zinayezedwa ngakhale mwa anthu amoyo. Alf Nachemson wa ku Sweden anayamba kulowetsa singano yoyezera m'madisiki a anthu m'zaka za m'ma 1960. Mu 1999 Hans-Joachim Wilke ku Germany anabwereza ndi munthu mmodzi wodzipereka. Ataima chabe, disiki ya m'chiuno inafinyika ndi 0.5 MPa (MPa ndi muyezo wa mphamvu yofinya). Atanyamula katundu wa makilogalamu 20 chowerama msana, 2.3. Atapinda mawondo, 1.7. Atagwira katunduyo pafupi ndi thupi, 1.1. Manambala amenewa ndi amene opanga ma model amayesera ntchito yawo kuti aone ngati ikunena zoona. Onani kuti kuyandikitsa katundu kuthupi kumathandiza kwambiri.

Bungwe la ku America loona za chitetezo pantchito, NIOSH, limaika makilogalamu 23 ngati malire a kunyamula zinthu zonse zikakhala bwino, ndipo amatsika ukamapotoka kapena kunyamula pafupipafupi.

Mnyamata_waPaBoma
23? Ndiye tonse pano tinafa kale kkkk. Bwana wa lole ndikamuuza kuti agawe thumba pawiri andiuza kuti ndigawenso malipiro pawiri.

MlimiWaBale
Nanga belo la fodya mukaliona mudzati chiyani? Limaposa matumba amenewo kutali. Koma belo sitisenza pamutu, timaligubuduza kapena kugwirizana anthu angapo.

WaKabaza_Chinkhoma
Mukatchula belo mwandikumbutsa. Chaka chino mitengo ikatsika ife a kabaza timva nawo, chifukwa mlimi akasowa ndalama amayenda wapansi.

MlimiWaBale
Musayambe zimenezo, mtima wanga ungakwere.

Fiziyo_KU
Achimwene a pa Boma, musaseke kwambiri. Mu 1968 dokotala wa maopaleshoni a ubongo ndi msana, Laurence Levy, amene ankagwira ntchito ku Salisbury, Harare ya lero, analemba za amuna onyamula matumba a makilogalamu pafupifupi 90 pamutu amene ankathyoka kapena kuguluka makosi, ena kufa ziwalo, ena kumwalira. Ngozi yake imabwera mwadzidzidzi: wapunthwa, thumba latsetsereka, mutu wapotoka katundu akadali pamwamba. Ndiye thumba la 50 pamutu ayi, makamaka potsika pa thabwa la lole. Ndipo mnzanu asakuponyereni thumba kuchokera pamwamba, alitsitse mpaka likukhudzeni. Katundu wogwa amamenya ndi mphamvu yoposa kulemera kwake.

Mnyamata_waPaBoma
Zoponyerana zimachitika tsiku lililonse, makamaka lole ikafika mochedwa. Ndiwauza anyamata, kaya amva.

WaKabaza_Chinkhoma
Poti akatswiri mwadzaza pano, ndifunse zanga. Anzanga ena amakana chipewa cha njinga yamoto, amati kulemera kwake n'kumene kumathyola khosi ukagwa. Zoona?

InjiniyaOsamaliza
Ayi. Kafukufuku wamkulu wa Cochrane wa 2008, amene anasonkhanitsa zofufuza zambiri, anapeza kuti chipewa chimachepetsa kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti, ndi imfa ndi pafupifupi 42 peresenti. Valani, ndipo mumange lamba wake.

Ndipotu ndalama zambiri zopangira makosi a pa kompyuta zinachokera ku makampani a magalimoto. Toyota ili ndi munthu wathunthu wa pa kompyuta wotchedwa THUMS, amene amamugunditsa kambirimbiri popanda kuphwanya galimoto yeniyeni, ndipo kuyambira 2021 amamupereka kwaulere. Chidole choyesera ngozi chodziwika kwambiri, Hybrid III, chinapangidwa ndi General Motors mu 1976 potengera mwamuna wa makilogalamu pafupifupi 78. Akazi ali ndi mafupa a khosi ang'onoang'ono ndi minofu yocheperako mphamvu, ndipo amavulala khosi kawirikawiri galimoto ikagundidwa kumbuyo, koma chidole chotengera thupi la mkazi wamsinkhu wapakati changopangidwa posachedwapa ku Sweden, motsogozedwa ndi Astrid Linder. Ngati mkazi wa ku Ulaya woyendetsa galimoto anadikira zaka zonsezo, ganizani za mayi wa ku Wimbe ndi ndowa yake.

Fiziyo_KU
Ndiwonjezere za ngozi, poti M1 yadutsa pakati pathu. Munthu akagwa panjinga n'kumadandaula khosi, kapena akuti manja ndi miyendo sakuzimva, musamudzutse kuti akhale tsonga, musamukoke manja ndi miyendo n'kumuponya kumbuyo kwa pikapu. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti ukhale mzere umodzi ndi thupi, ena amugoneke pa chinthu cholimba monga chitseko kapena thabwa. Fupa lothyoka likhoza kukhala lisanakhudze mtsempha, n'kuukhudza chifukwa cha kanyamulidwe kathu.

WaKabaza_Chinkhoma
Izi ndazitumiza kugulu la pa siteji pathu.

Chimwene_waKuJoni
Ndikuwerenga kuchokera ku Johannesburg. Ine ndikuona kuti nonse mukuzungulira. Yankho ndi madzi a m'mipope ndi mawilibala, basi. Kompyuta ya chiyani pa nkhani yodziwika kale? Ndani sadziwa kuti ndowa imalemera?

InjiniyaOsamaliza
Kuti imalemera aliyense akudziwa. Koma taganizani mafunso awa. Kodi maulendo awiri a malita 10 ndi abwino kuposa umodzi wa 20, kapena kutalika kwa njira kumadya phindu lonse? Chigubu chotseka ndi ndowa yotsegula, chimagwedeza khosi kwambiri ndi chiti? Mwana wa zaka 10, amene mafupa ake sanakhwime, malire ake ali pati? Pa mjigo patamangidwa kachipupa kofika m'chiuno poikapo ndowa usanasenze, katundu wa pakhosi ndi m'chiuno angatsike bwanji? Zimenezi sungayese pa ana amoyo powasenzetsa mpaka avulale. Pa kompyuta ungathe kuyesa kambirimbiri.

Chimwene_waKuJoni
Ndipo ukapeza yankho, ndani amanga kachipupako?

NaBanda_Wimbe
Kachipupa tingamange tokha, njerwa tili nazo. Mipope yanuyo takhala tikuimva nthawi ya kampeni iliyonse.

MphunzitsiWaFizikisi
Ine ndili pakati. A ku Joni akunena zoona kuti model siitunga madzi. Koma amene amagawa ndalama amamva manambala, ndipo pakali pano nambala imene ikuzungulira pa mafoni athu ndi ya dokotala wa ku New York yokhudza mafoni omwewo. Ya ndowa tilibe yathuyathu.

NaPhiri_Santhe
A Injiniya, kuti mupange ya ifeyo pangafunike chiyani? Makina a mamiliyoni?

InjiniyaOsamaliza
Kale pankafunika chipinda chokhala ndi makamera apadera ndi timipira towala tomata pathupi. Pano anthu a ku Stanford omwewo anatulutsa OpenCap, imene imatenga kayendedwe ka munthu ndi mafoni awiri a iPhone, ngakhale kuti pa khosi penipeni pamafunikabe kuyeza mosamala kuposa pamenepo. Poyambira ndingafune zinthu wamba: kulemera kwa ndowa ndi mitolo ya nkhuni imene anthu akusenzadi, kulemera ndi msinkhu wa wosenzayo, kutalika kwa njira, ndi kanema wojambulidwa chammbali posenza, poyenda ndi potula. Ndikanakonda kuyambira pa mjigo wa kwathu.

NaBanda_Wimbe
Imani kaye pamenepo mwana wanga. Mnyamata kukaima pa mjigo ndi foni kumajambula akazi a eni ake? Ubwerako wopanda mano.

Chemwali_waChulu
Komanso ena adzati ndi zopopa magazi.

Fiziyo_KU
Amayi akunena zoona, ndipo si nkhani ya mwambo yokha. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za kafukufuku, kusukulu kwanu akuuzani ngati ndi COMREC, NHSRC kapena ya pa yunivesite yanu. Kenako ofesi ya zaumoyo ya boma, amfumu, ndipo munthu aliyense avomere yekha atamva bwinobwino. Kwa ana, makolo. Ojambula akhale mzimayi mnzawo. Mukafika pamenepo mundiuze, mbali ya kuyeza khosi ndi kufunsa za ululu ndingathandize.

Agogo_aChamama
Ndipo adzafunse amayiwo asanayambe kujambula. Zina ngati za masamba zija sangazione pa kanema.

WaKabaza_Chinkhoma
Thiransipoti ndi ine, koma mafuta ndi anu a Injiniya.

InjiniyaOsamaliza
Ndalemba zonse. Sikelo ndiyo ndilibe, ya kusukulu salola kutuluka nayo.

MlimiWaBale
Sikelo yopachika ndili nayo, imafika makilogalamu 100. Mudzaiyese kaye ndi paketi ya shuga yosatsegula, nthawi zina imanamiza ndi theka la kilo. Mudzatenge Loweruka lililonse, koma ibwere ndisanayambe kudinda mabelo.